Manja Anga Analowa M'sitolo ya Azungu

Ndinanyamuka ku Matero Loweruka m'mawa, sikisi koloko itangokwana, ndili ndi mapaundi atatu m'thumba la kabudula komanso mawu a achemwali anga m'khutu. Inali nthawi ya Chitaganya, mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la ku Lusaka limayamba kuotcha munthu asanasukusule n'komwe. Ndinkapita m'tauni kukagula magolovesi a nkhonya. Mtunda wake ndi waufupi, wapanjinga amafika thukuta lisanatuluke bwino, koma mpaka lero ndikaukumbukira ulendo umenewu ndimakukuta mano.

Ine ndine Layisoni, wa ku Ntcheu. Ku Lusaka ndinapitira ntchito yomanga nyumba za njerwa, ndipo ndinkakhala kwa achemwali anga a Esinati ndi amuna awo a Yotamu. Alamu angawa anali dalaivala wa lole, koma mtima wawo unali pa nkhonya. Madzulo tikaweruka tinkapita ku holo ya m'komboni kukaphunzira, ndipo pagulu lonse ine ndekha ndi amene ndinkafanana nawo thupi. Akafuna woyeserana naye, munthuyo anali ine.

Magolovesi athu anali mapeyala awiri, onse osiyidwa ndi asilikali obwera kunkhondo. Peyala imodzi inali ikadali bwino. Inayo, imene ndinkavala ine, ubweya wam'kati unali utathawira m'mbali, moti pa mfundo za zala panangotsala chikopa chokha. Ndi imeneyo imene ndinawang'amba nayo alamu pamwamba pa diso lamanzere. Kuchipatala anawasoka, nawachenjeza kuti pakang'ambikanso pomwepo, diso lenilenilo likhala pangozi. Tsono iwo anali ndi nkhonya yaikulu ikubwera, yolimbana ndi mnyamata wa ku Broken Hill, ndipo kusiya sankafuna kumva.

Achemwali sanakalipe. Iwo akakwiya amalankhula motsitsa. Anandipeza ndikumanga nsapato m'mawa umenewo, naima pakhomo.

"Iwe Layisoni, diso lija ndi limene likuyendetsa lole. Lole ija ndi imene ikutidyetsa, iwe wemwe uli momwemo. Ukabwera ndi zinthu zong'amba anthu, usalowe nazo m'nyumba muno."

"Ndikagula a sikisitini, achemwali."

"Ine za sikisitini sindizidziwa. Ndikudziwa diso."

Kwa inu amene simunasewerepo nkhonya, magolovesi amayezedwa kulemera kwake pa maaunsi. A eyiti ndi aang'ono, olimba, a tsiku la ndewu yeniyeni, pamene cholinga n'kupweteka mnzako. A sikisitini ndi aakulu, ofewa, ophunzirira. Ukamenya nawo mnzako amagwedezeka mutu koma khungu silitseguka. Amenewo ndi amene anzathu a ku holo anasonkhera ndalama, nandituma ine chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Basi inafika hafu pasiti sikisi, yobiriwira yothimbirira, mipando yake ya matabwa. Kupita m'tauni inali sikisipensi. Ndinakhala pakati pa mayi wina wonyamula dengu la repu ndi bambo wa nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo. Msewu wa ku Matero nthawi imeneyo unali wa miyala ndi fumbi, ndipo dalaivala ankayendetsa ngati akuthawa apongozi. Pa bampu iliyonse nkhuku zinkalira, mayi wa repu n'kutukwana kondakitala, kondakitala n'kuseka.

Mayiyo anandiyang'ana manja, naona zipsera za pa mfundo.

"Imwe ndimwe baja bomenyana ku holo?"

"Ndife amene, mayi."

"Bamakulipilani?"

"Ayi, timasonkha tokha."

Anapukusa mutu. "Bamuna. Muzungu akumenyeni ku nchito mahala, mubwele ku komboni mulipile ndalama kuti mumenyane mweka."

Basi yonse inaseka, inenso ndinaseka. Ndikanadziwa zimene zinkandidikira ndikanasunga mano anga.

Tinadutsa kumafakitale, fungo la chigayo ndi la zikopa likulowera m'mawindo, n'kutsika kusiteji seveni koloko itapitirira. Ndisanayende mapazi makumi awiri wapolisi anandiimitsa kufuna chitupa. Anachitembenuza uku ndi uku, nandifunsa chifukwa chimene sindili kuntchito Loweruka m'mawa. Ndinamuonetsa kakalata ka kapitawo. Anandibwezera zonse osandiyang'ana kumaso. Zimenezi sizinandikwiyitse, tinazizolowera ngati fumbi.

Cairo Road m'mawa inali yokongola, ndisaname. Mitengo pakati pa msewu, magalimoto onyezimira, madona ovala zipewa akuyenda pang'onopang'ono m'khonde. Sitolo imene ndinkafuna inali ya zinthu zamasewera. Dzina lake sinditchula, mwini wake anafa kalekale ndipo sindikufuna kumuukitsa. Pagalasi lakutsogolo panali mipira, nsapato zothamangira, mbedza za nsomba. Kumbuyo kwa zimenezo, pa msomali, panalendewera magolovesi mapeyala awiri. Ena aang'ono ofiira ngati tomato. Ena aakulu akhofi, otukumuka bwino. Ndinawadziwa pomwepo kuti akhofiwo ndi a sikisitini. Ndinaima n'kumawayang'ana mpaka mlonda anandikodola ndi ndodo kuti ndizungulire kuseri.

Achinyamata a masiku ano sadziwa za pawindo. Munthu wakuda sankalowa pakhomo la sitolo ya azungu. Kumbali kwa nyumba, mu kanjira ka zinyalala, kunali kabowo pakhoma kokhala ndi kachitseko ka thabwa, kofika m'chiuno. Unkawerama, n'kunena chimene ukufuna, n'kupereka ndalama, n'kulandira phukusi lokulungidwa kale. Shuga ungagule choncho. Sopo ungagule choncho. Koma ndiuzeni inu, golovesi ungaisankhe bwanji osaivala?

Pamzere panali anthu asanu ndi mmodzi, onse antchito a m'nyumba za azungu, aliyense ndi kakalata ka dona wake. Sitolo inatsegulidwa eyiti, koma kawindo kanatsegulidwa naini, bwana atamaliza ndi anthu olowera pakhomo. Dzuwa linali litafika kale mu kanjirako. Ine anandifikira pafupifupi teni koloko. Kumbuyo kwanga kunabwera khuki wina wachikulire, wa yunifomu yoyera, atatumidwa timipira ta tenisi.

Ndinawerama. M'kati munali bambo wa imvi wovala khaki, amene khuki uja ankamuitana kuti ba Mwale.

"Ndikufuna magolovesi a nkhonya, bambo. A sikisitini, akhofi aja ali pagalasi. Koma ndiyambe ndayesa."

Ba Mwale anandiyang'ana ngati ndapempha kugona pabedi la bwanamkubwa. "Kuyesa? Pano sitiyesa vinthu."

"Golovesi si sopo, bambo. Ikakhala yothina, zala zimathyoka. Ikakhala yotaya, chala chachikulu chimabinya. Kawafunseni."

Anapita. Ndinamva akulankhulana m'katimo, kenako kuseka kwa mzungu. Anabwerera atanyamula ofiira aja.

"Akuti akhofi baja ni ba sukulu ya bana ba bazungu, sibavaliwa. Muyese aba, mukaone saizi ya kwanja. Koma sivichoka panja. Mungenese manja mukati."

Apa ndi pamene ndinapusa, ndipo ndimavomera. Ndinaganiza kuti ndingoyesa kukula kwa dzanja, kenako ndinene kuti andikulungire akhofi. Ndinapinda msana, n'kulowetsa mikono yonse iwiri pa kabowo mpaka m'zigongono, chipumi chitatsamira khoma. Ba Mwale anandiveka, namanga zingwe bwinobwino mpaka pamkono. Anali a eyiti. Chikopa chake chinali chosalala, chonunkhira usitolo, koma nditakunga chibakera ndinamva mfundo zanga zikugunda pafupi penipeni. Amenewa akanawatsegula alamu diso pa raundi yoyamba.

"Saizi ndi yomweyi," ndinatero. "Ndimasuleni, mundipatse akhofi."

Ba Mwale asanagwire chingwe, ndinaona nsapato zakhofi ndi masokosi aatali zikubwera. Bwana anawerama, nkhope yake yofiira n'kudzaza kawindo konse. Analankhula Chilapalapa, chilankhulo chimene ankatilamulira nacho m'migodi ndi m'makhitchini.

"Wena fakile. Wena tenga."

Ndinamva kuti "tenga". Mwachichewa kutenga n'kutenga basi. Ndinadabwa, ndinati kapena munthuyu akuti nditenge ndikaonere bwino kunja kowala. Ndinayamba kukoka manja. Ba Mwale anandigwira pamkono mwamphamvu, nanong'ona.

"Osachosa manja. Kutenga kwa beve ni kugula. Akuti mwavala, mugule, palibe muzungu azavala vamene mwavala imwe. Mukachosa manja panja na magolovesi, mwaba. Azaitana kapokola, mukagone ku polisi."

Tsono taganizani. Munthu amene wavala magolovesi omanga zingwe sangadzimasule yekha. Aliyense wa nkhonya amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake womanga amakhala munthu amene umamukhulupirira. Ndikatulutsa manja, ndine wakuba. Ndikawasiya m'kati, ndine mbuzi yapachingwe. Manja anga anali m'sitolo ya azungu, ine mwini wake ndili mu kanjira ka zinyalala, matako kudzuwa.

Ndinayesa Chingerezi changa cha pa ntchito. Ndinamuuza bwana uja kuti ndalama ndili nazo, ndigula, koma ndikufuna a sikisitini. Ndinamuuza kuti awa ndi omenyera, si ophunzirira, apweteka munthu. Anandiyankha kuti golovesi ndi golovesi, ndipo mitu yathu ndi yolimba kale. Ananena akumwetulira, ngati akundiuza nkhani yabwino.

"Ndimasuleni, bambo Mwale," ndinatero kachiwiri.

Ba Mwale anayang'ana pansi. "Nili na bana faifi, mwana wanga."

Bwana uja sanachoke msanga. Anakhala chowerama, chibwano chake chili pafupi ndi dzanja langa lamanja, mtunda wosakwana chikhatho. Ndinkaona ngakhale pamene anadzicheka pometa. Ine dzanja lamanja ndi limene ndinkadziwika nalo ku Matero. Sipankafunika kukoka phewa, kungotembenuza chiuno basi, ndipo munthu uja akanadzuka Lolemba. Ndinafuna. Ndisakunamizeni kuti ndinali munthu wa Mulungu pa nthawi imeneyo. Ndinafuna ndi thupi lonse. Chimene chinandigwira ndi chakuti ndikapita kundende, alamu avalitsa wina magolovesi akutha aja, chifukwa kusiya sakanasiya.

Bwana anandisiya choncho n'kupita kukathandiza dona wina amene analowa pakhomo. Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Msana unayamba kuwawa, thukuta linkatsikira m'maso ndilibe chopukutira. Ntchentche inatera pamphuno, ine osatha kuiingitsa. Mzere kumbuyo unakula, ena anayamba kung'ung'udza kuti madona awo awakalipira. Mmodzi anati, "Ba Nyasalande bamakonda milandu." Ndinalibe ngakhale mpata wotembenuka kuti ndimuone.

"Ndimasuleni," ndinatero kachitatu, ndipo mawu anga anatuluka aang'ono, ngati si anga. Zimenezo ndi zimene zimandipweteka kwambiri mpaka lero.

Palibe anandimasula. Pamapeto pake ndinati ndigula. Koma ndalama zinali m'thumba la kabudula, ndipo manja anali m'sitolo. Khuki wachikulire uja anasendera pafupi.

"Munikhululukile, mwana wa kwathu," anatero motsitsa, napisa dzanja m'thumba langa pamaso pa mzere wonse. Anatulutsa mapaundi atatu aja, nawadutsitsa pakati pa mikono yanga. Mtengo unali mapaundi awiri ndi mashilini khumi ndi asanu. Pamenepo ba Mwale anamasula zingwe. Anakulunga magolovesi m'pepala lakhaki, naika chenje pamwamba, natseka maso pondipatsa.

Ndinaongoka movutika. Khuki uja anandipatsa kansalu kake kuti ndipukute nkhope, nati, "Yendani ku Kamwala. Pa khonde la mwenye wogulisa mpunga pali Muchawa wosoka nsapato. Amasoka na vamene ivi." Kenako anawerama pawindo kupempha timipira take.

Ndinadutsa njanji leveni koloko itapitirira, ndikulankhula ndekha ngati wamisala. Ndinkatukwana bwana uja, kutukwana ba Mwale, kutukwana khoma, koma kwambiri ndinkadzitukwana ndekha. Munthu wamkulu, womanga nyumba zimene azungu amagonamo, kupereka manja ako wekha kuti akumange. Anzanga asonkha ndalama za thukuta, ine ndagula mpeni wong'ambira mlamu wanga. Ndinaganizapo zoponya phukusilo m'ngalande. Sitima ya malasha inali kudutsa, ndinaima kuidikira, utsi wake n'kundimaliza.

Kamwala ndi tauni ina. Kumeneko umalowa pakhomo, umagwira nsalu, umanenerera mtengo, mwenye n'kulumbira kuti ukumupha. Pakona ndinagula vitumbuwa viwiri ndi chikho cha munkoyo, thobwa la kumeneko, kwa mayi wina, zonse tiki, mapeni atatu. Ndinadya chiimire. Mayiyo anandifunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Ndinati ayi. Anati, "Ndiye musatafune monga muluma munthu."

Wosoka nsapato ndinamupeza mosavuta. Anali bambo woonda wa kofia yoyera, atakhala pa bokosi, nsapato zakutha zitamuzungulira. Dzina lake anali Che Amidu, wa ku Fort Johnston. Atamva kalankhulidwe kanga anasiya Chinyanja cha m'tauni.

"Achimwene, mwachokera kuti ndi nkhope imeneyi?"

Ndinamasula pepala, n'kufotokoza zonse. Sanadabwe, sanapepesenso. Anatenga golovesi imodzi yofiira, naifinya ndi chala chachikulu pa mfundo, nanunkhiza chikopa.

"Katundu wabwino. Chikopa cha ku Mangalande. Ndi amenewa mungaphe munthu mwaulemu."

"Mungawonjezere ubweya kuti afike sikisitini?"

"Mungathire thumba la chimanga m'pilo? Chikopa n'chochepa, chiphulika."

Anapisa m'bokosi limene anakhalira, natulutsa zinthu ziwiri zimene poyamba sindinazizindikire. Anali magolovesi, koma ayi ndithu. Imodzi yakuda, ina yakhofi wothimbirira. Yakudayo inali ndi chigamba cha lilime la jombo. Zingwe zake zinali za nsapato za mpira. Anati anawatola kwa asilikali, anawasokanso yekha, n'kuikamo ubweya wa mchira wa hatchi umene amagula kwa wosamalira mahatchi a azungu.

"Ndikupatsani awa, mundisiyire ofiirawo. Apolisi ali ndi gulu lawo la nkhonya, agula."

Magazi anandithamanganso. "Ndalipira mtengo wa zatsopano, inu mukundipatsa nsanza? Lero aliyense akufuna kundidya?"

Che Amidu sanakweze mawu. "Simukukakamizidwa. Pano pakhomo palibe, pawindo palibe. Tengani ofiira anuwo, ku Matero akakuombereni m'manja. Koma mwati nkhani ndi diso la alamu anu. Bwerani."

Tinalowa m'sitolo ya mwenye. Che Amidu anapempha sikelo ya mpunga, mwenye anangokweza mapewa. Yofiira inakwana eyiti ndendende. Yakuda inakwana sikisitini. Yakhofi inaperewera pang'ono. Tinabwerera pakhonde, anatumbula msoko wa pamkono, nakankhiramo ubweya ndi kamtengo, pang'onopang'ono, akuusalaza ndi chala kuti ukhale pa mfundo. Anapita kusikelo kawiri mpaka zonse zinafanana. Kenako anasoka ndi ulusi wopaka phula.

"Tsopano tiyese. Tsekani diso."

Anavala yofiira kudzanja lake loondalo, naikanikiza pa nsidze yanga. Sanamenye, anangokanikiza n'kupotoza pang'ono. Ndinamva fupa la chala chake ngati mwala uli m'nsalu. Anavula, navala yakuda ya chigamba, nachita chimodzimodzi. Ndinamva kulemera kokha. Anandionetsanso kuti chigamba anachisokera m'kati, msoko sunatulukire kunja kumene ungakande munthu.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero, akuloza ofiira aja ndi mlomo. Sanamalize, ndinamaliza ndekha mumtima.

Anati ndivale ndimenye thumba la mpunga limene linali pakhonde. Nditatambasula manja kuti andimange, ndinawabweza msanga.

"Musamange zingwe. Ndingoyesa choncho."

Ndinamenya thumba katatu, zingwe zikulendewera. Zala zinakhala bwino, chala chachikulu chinagona pamalo pake. Mwenye anatulukira kudzaona amene akupha mpunga wake. Ndinasiya ofiira aja pa bokosi, n'kukulunga nsanza zanga m'pepala la sitolo ya azungu. Ndinamupatsa Che Amidu shilini ya ulusi, anakana, nati ndikamwere tiyi.

Basi yobwerera inanyamuka thu koloko, yodzaza anthu oweruka hafu ya Loweruka. Ndinaima njira yonse, phukusi lili kukhwapa, wina atanditsamiritsa wilo la njinga m'nthiti. Tikudutsa kumapeto kwa Cairo Road ndinaona masitolo atatseka, makonde ali mbee. Ndinkaganiza kuti mkwiyo utsalira m'tauni. Sunatsale. Unakwera nane basi, osalipira sikisipensi.

Achemwali ndinawapeza akusita mayunifomu a alamu ndi simbi yamakala. Anamasula pepala, nayang'ana magolovesi, nandiyang'ana ine.

"Mapaundi atatu?"

"Nkhani yake ndi yaitali, achemwali."

"M'sitolomo anakulowetsa?"

"Manja okha."

Analowetsa dzanja mu yakuda ija, naitembenuza, ndipo ndisanadziwe chimene chikuchitika anandikhoma nayo pamwamba pa diso. Achemwali anakula akusinja, dzanja lawo si lamasewera. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko. Anandigwira chibwano, nayang'anitsitsa pamene anamenyapo, napasisita ndi chala.

"Sipanatseguke. Pita nazo."

Ku holo ndinafika folo koloko. Alamu anali atafika kale, atavula malaya, akudumpha chingwe. Ulusi wa pachilonda anali atawachotsa Lachinayi, ndipo pamalopo panali kamzere kofiirira, kanthete. Ataona magolovesi anaseka mpaka kukhala pansi.

"Alamu, tinakutumani kusitolo kapena kudzala? Imodzi yakuda, ina yakhofi. Mwatenga kwa mkazi wamkulu ndi kwa wamng'ono?"

Koma atafinya pa mfundo anasiya kuseka. Anagwedeza mutu, nati tiyese pompano, maraundi atatu okha, masiku akutha. Anandiveka okha. Ndinatambasula mikono, iwo anawerama n'kuyamba kukoka zingwe, kuyambira kuzala kutsikira pamkono, akuimba kanyimbo ka m'lole.

Pamenepo zonse zinabwerera. Kuima komwe kuja, mikono kutsogolo, munthu atawerama pa manja anga. Ndinamva kutentha kwa mu kanjira kaja pamsana. Dzanja lamanja linadzikunga lokha m'kati mwa golovesi, ndipo ndinadziwa kuti chibakera chimene ndinachimeza m'mawa chija chikadalipo, chikufuna nkhope, ndipo sichisankha kuti ndi ya yani. Nkhope imene inali pafupi inali ya alamu, kamzere kofiirira kaja kali pansi pa mphuno yanga. Ubweya wa Che Amidu ukanaphimba mfundo zanga, koma ine ndinali ndi mphamvu yoti ngakhale ndi pilo ndikanatsegula chilonda chimenecho.

"Ndimasuleni, alamu."

Anadzutsa mutu, nandiyang'ana m'maso. Sanafunse chifukwa. Anakoka nsonga ya chingwe, mfundo n'kumasuka, nandivula imodzi, kenako inayo.

"Lachiwiri," anatero, nakapachika magolovesi pa msomali.

Ndinatuluka n'kukakhala pa njerwa kuseri kwa holo, manja ali pa mawondo. Ndinalira, ine munthu wamkulu, ndipo sindichita nazo manyazi. Alamu anauza anzathu kuti ndadya munkoyo wosasa.

Tinayeserana Lachiwiri, ndi masiku onse otsatira, ndipo chilonda cha pa diso sichinatsegukenso. Anayendetsa lole ndi maso awiri mpaka ukalamba. Magolovesi a chigamba aja anatha zaka zinayi ku holo, ndipo aliyense wobwera kumene ankayamba wawaseka. Kuchokera pa ulendo umenewo, munthu akandifunsa kasankhidwe ka magolovesi ophunzirira, ndimamuuza kuti awayeze pasikelo, awakanikize pa nsidze yake, asayang'ane mtundu. Kenako ndimamuuza kuti asanatambasule manja, ayambe waona amene akumanga zingwe. Ku Cairo Road ndinapempha katatu, mpaka ndinalipira. Ku Matero ndinanena kamodzi.